Disiki siigulidwa laputopu isanatsegulidwe

Ndimakonza makompyuta, ndipo pa ntchito zonse zimene anthu amabweretsa patebulo panga, yosintha hadi disiki ya laputopu ndiyo imandikoma kwambiri, chifukwa phindu lake limaoneka tsiku lomwelo. Pali malaputopu amene mwini wake amawayatsa n'kupita kukatereka tiyi kuti pobwera apeze atadzuka. Ukachotsamo disiki yozungulira ija n'kuikamo SSD, makina omwewo amadzuka munthu asanakhazikike pampando. Disiki yakale ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi ndi kamkono kofufuza pamene palembedwa zinthu, ndipo ikalimbikira imatulutsa mamegabaiti pafupifupi 100 pa sekondi. SSD wamba ilibe chozungulira chilichonse, imapitirira 500. Kwa mwana wasukulu kapena mphunzitsi amene sangathe kugula laputopu ina, kusintha kumeneku kumaonjezera makina ake zaka zingapo za ntchito.

Chimene chimandipweteka ndi munthu wofika atagula kale. Wina amatuma mbale wake wa ku Joni kuti amugulire SSD yaikulu, katundu amayenda masabata, kenako amafika kwa ine kabokosi kali m'manja, nkhope ikuwala. "Achimwene, zonse ndagula kale, inu mungondiikiramo." Ine ndimati, "Bwana, tiyeni tione kaye m'katimu." Nthawi zambiri zimayenda. Koma pali masiku amene ndimatsegula n'kupeza kuti chogulidwacho chilibe polowa, ndipo wogulitsa ali kutali, kubweza sikutheka. Ndalama zimenezo munthu anazisunga movutikira. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti abwere ndi laputopu asanagule kanthu, ndipo kuyang'anako sindilipiritsa.

Ndimayamba ndi kuitembenuza kuti ndiwerenge nambala ya mtundu wake pansipa. Kungoti ndi HP kapena Dell sikuthandiza, pakuti makina awiri a dzina limodzi, chaka chimodzi, akhoza kusiyana m'kati. Makampani monga Dell, Lenovo ndi HP amaika pa intaneti mabuku a okonza, ndipo mmenemo amalemba mtundu wa disiki imene makinawo amalandira. Ndimawerenga, koma ndimatsegulabe, chifukwa malaputopu ambiri amene timawaona kuno anagwirapo kale ntchito kunja ndipo adadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Wina anachotsamo kachingwe, wina anataya kachitsulo kogwirira disiki. Ndisanagwire chilichonse ndimazula chaja ndi kuchotsa batire, kapena kumasula kachingwe kake ngati ndi batire ya m'kati.

Makina akale kwambiri, a cha m'ma 2006 kubwerera m'mbuyo, ali ndi disiki ya IDE, ya timano 44 toima mizere iwiri ngati tisingano. Masiku ano saoneka kawirikawiri, ndipo disiki ya SATA singalowemo. Imene yadzaza m'manja mwa anthu ndi ya SATA ya mainchesi 2.5. Polumikizira pake pali magawo awiri osalala: laling'ono la timano 7 lodutsa mauthenga, ndi lalitali la timano 15 lodutsa magetsi. Ubwino wa SATA ndi wakuti mibadwo yake itatu imamvana. SSD yatsopano imagwira ntchito m'laputopu ya SATA yakale, imangotsika liwiro, komabe imaisiya kutali disiki yozungulira. Chimene anthu amaiwala ndi kukhuthala. Madisiki ena ndi a mamilimita 9.5, ena 7. ThinkPad X220 imalandira ya 7 yokha, ya 9.5 simungaikakamize. Ukaika ya 7 m'malo a 9.5 pamatsala mpata, ndipo ukapanda kuimanga bwino kapena kuikapo kopapatiza, imagwedera mpaka tsiku lina makina amangoti disiki sakuiona.

Pali kanthu kena kamene kamazunguza ngakhale anyamata ophunzira ntchito. Munthu amasolola disiki yakale, kuiyerekeza ndi yatsopano, n'kuona kuti kukamwa kwake n'kosiyana: yakale ili ndi timano tooneka ngati chipeso, yatsopano ndi yosalala. Amathamanga kukauza kasitomala kuti wagula yolakwika. Pamenepo ndimatenga disiki yakale ija, ndimagwira m'mphepete mwa timanoto ndi chikhadabo, ndimakoka pang'onopang'ono mbali iyi ndi iyo, ndipo kapulasitiki kakuda kamavuka. Pansi pake pali SATA wamba. Kapulasitiki kameneka si ka disiki, ndi kolumikizira ka laputopuyo, ndipo kamayenera kuvekedwa pa disiki yatsopano. Malaputopu ambiri akale a HP ndi Dell ali nako. Ndimakasamala kuposa disiki yeniyeniyo, chifukwa disiki mupeza m'sitolo iliyonse ya makompyuta, koma kameneka kakathyoka muyenera kusaka laputopu yakufa ya mtundu womwewo. Chimodzimodzi kachingwe kopyapyala ka m'makina atsopanoko: kali ndi kachitseko kakang'ono pabodi kamene umayamba watukula, osati kungokoka.

Pamene pamafunika maso enieni ndi pa ma SSD aang'ono ooneka ngati kabodi. Woyamba anali mSATA. Polowera pake n'chimodzimodzi ndi pamene pamalowa kakhadi ka Wi-Fi m'makina a nthawi imeneyo, moti mSATA imalowa bwinobwino pamalo a Wi-Fi, koma siigwira ntchito pokhapokha mawaya a pabodi atakonzedwera zimenezo. Pa ThinkPad X220 ndi T420 malo a kakhadi ka netiweki ya foni ndiwo amalandira mSATA.

Kenako kunabwera M.2, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zikutayikira kwambiri. Manambala ake amanena kukula: 2280 ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, 2242 ndi 42 m'litali, 2230 ndi 30. Ndiye choyamba ndimayang'ana pamene pali bowo la sikuluwu pabodi kuti ndidziwe utali wolowa. Chachiwiri ndi mipata ya pa timano. Ya mipata iwiri nthawi zambiri imakhala ya SATA, ya mpata umodzi nthawi zambiri ndi NVMe, imene imatha kupitirira mamegabaiti 3,000 pa sekondi. Vuto ndi lakuti kulowa sikutanthauza kumvana. Kiyi akhoza kulowa m'loko mpaka kumapeto koma osatembenuka. M.2 ya SATA imalowa mosavuta pamalo olandira NVMe yokha, umamanga sikuluwu, umayatsa, koma m'BIOS mulibe kanthu, makina sakuiona. Palinso malo amene amalandira SATA yokha, monga kamalo ka 2242 ka mu ThinkPad T440, ndi ena amene amalandira zonse ziwiri. Izi maso okha sangakuuze. Mabodi ena amalemba timalemba ting'onoting'ono pambali pa polowera, ena salemba, ndiye umabwerera ku buku lija. Ndimasunganso ma SSD awiri oyesera, wa SATA ndi wa NVMe, kuti kasitomala aone ndi maso ake imene makina ake aizindikira asanatulutse ndalama.

Timalaputopu tina totsika mtengo tili ndi eMMC ya magigabaiti 32 kapena 64 yowotcheredwa pabodi. Imeneyo siichoka. Ngati pabodipo palibe malo ena opanda kanthu, ndimamuuza mwini wake mosabisa kuti apa palibe chosintha, asunge zinthu zake pa disiki ya kunja.

Disiki ikapezeka yoyenera, patsala katundu wa munthu, amene kwa iye ndi wofunika kuposa makina: zithunzi za ukwati, mabuku a bizinesi, kafukufuku wa kusukulu. Ndimafunsa kaye ngati disikiyo inatsekedwa ndi BitLocker, chifukwa popanda kiyi yake ya manambala 48 mafayilo sangatsegukenso pamalo ena, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti yawo ndi yotseka. Ngati Windows ili bwino ndimakopera disiki yonse ndi pulogalamu ya Clonezilla, batire itadzaza, kuti magetsi akathima ntchito isadukire pakati. Ngati disiki yakale yayamba kulira kuti tiki tiki, sindiivutitsa ndi kukopera yonse. Ndimapulumutsa kaye mafayilo ofunika, kenako n'kuika Windows yatsopano pa SSD.

Disiki yakale ndimabwezera mwini wake nthawi zonse, ndipo ndimamupempha kuti asaifomate mpaka atagwiritsa ntchito yatsopano kwa kanthawi n'kutsimikiza kuti palibe chasowa. Ngati ikadali yamoyo timaiika m'kabokosi ka USB kuti izisunga zinthu. Kabokosi ka SATA ya mainchesi 2.5 n'kosavuta kupeza, koma ka M.2 nakonso kalipo ka SATA ndi ka NVMe, ndiye ndimamulembera papepala mtundu wake kuti akaonetse wogulitsa.