Tebulo lomwe linandisowetsa tulo

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndinamaliza kulemba Lachiwiri madzulo, ndipo ndinkayenera kukapereka Lachinayi m'mawa. Chomwe chinatsala chinali tebulo limodzi la m'mutu wachinayi, loonetsa mayankho a anthu amene ndinawafunsa mafunso. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya mphindi 20 basi. Koma 2 koloko usiku inandipeza ndidakali pa laputopu, maso ali psuu.

Vuto linayamba nditakoka mzere umodzi wotsika kuti mawu akwane bwino. Timabokosi ta kumanja tinafinyika, manambala n'kuthyoka pakati: 125 inakhala 12 pamwamba, 5 pansi. Nditaubweza, tebulo linatulukira kunja kwa tsamba. Nditaphatikiza timabokosi tiwiri ta pamwamba kuti ndilembemo mutu, mizere ya m'munsi inasiya kulunjikana. Kenako theka la tebulo linadumphira patsamba lotsatira popanda mitu yake, moti woliwerenga sakanadziwa kuti nambala iyi ikunena za chiyani. Mankhwala anga anali awiri okha: kudina Enter kambirimbiri kuti tebulo likankhike, ndi kudina batani la mpata mpaka manambala aoneke ngati aima pamzere umodzi.

Lachitatu m'mawa zinkaoneka ngati zatheka. Ndinaika fayilo m'fulashi n'kupita kokapulinta. Pakompyuta ya kumeneko zonse zinabalalikanso, ndipo masamba anatuluka ndi tebulo loduka pakati. Ndalama yomwe ndinalipira inali ya sopo wa mwezi umenewo. Mantha anandigwira: kodi ntchito ya miyezi yonseyi ioneke ya mphwayi chifukwa cha timabokosi?

Masana ndinakakhala m'chipinda cha makompyuta, ndikudina Ctrl ndi Z mokwiya. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri amene anakhala pambali panga anati, "Achimwene, mungalole ndione nawo?" Kunena zoona, sizinandisangalatse. Ine wa chaka chachinayi ndiphunzitsidwe ndi mwana wadzulodzulo? Koma nthawi inali itandithera, choncho ndinamusunthira mpando.

Iye anadina kabatani kokhala ndi chizindikiro ichi, ¶, komwe ndinali ndisanakakhudzepo chiyambire. Nthawi yomweyo tsamba linadzaza timadontho ndi zizindikiro. Kadontho kalikonse kanali mpata umene ndinadina, ndipo ¶ aliyense anali Enter wanga. Zinyalala zonse zomwe ndinakwirira usiku zinali poyera. "Tebulo silinalakwe, achimwene," anatero akumwetulira. "Likungochita zomwe mwaliuza."

Anafufuta zonsezo n'kuyamba kukonza mwadongosolo. Anasankha mzere wa mitu n'kudina Repeat Header Rows kuti mituyo izibwerezeka yokha patsamba lililonse. Anachotsa chilolezo choti mzere wopingasa uziduka pakati tsamba likatha. Ndi AutoFit analiuza tebulo kuti lisapitirire m'lifupi mwa tsamba, ndipo manambala anawaimika kumanja kwa timabokosi popanda kudina mpata ngakhale umodzi. Anapezanso kuti fayilo yanga inali papepala la Letter, la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe mapepala omwe timapulintira kuno ndi A4, a mamilimita 210 ndi 297. Pomaliza anasunga fayiloyo ngati PDF kuti isasinthe maonekedwe ikatsegulidwa pakompyuta ina. Zonsezi sizinakwane theka la ola.

Chomwe chinandiwawa kwambiri si tulo kapena ndalama ija. Zaka zinayi ndakhala ndikulemba ntchito za m'kalasi pakompyuta, ndipo ndinkadziona ngati katswiri chifukwa zala zanga zimathamanga pakiyibodi. Chimene ndinkadziwa kwenikweni chinali kubisa vuto kuti lisaoneke pamaso. Anzanga odziwa anali pafupi nthawi yonseyi, koma ndinkachita manyazi kufunsa chinthu chooneka chaching'ono chotere. Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula.

Kafukufuku uja ndinapereka Lachinayi nthawi isanakwane. Masiku ano ndikatsegula fayilo yokhala ndi tebulo, ndimayamba ndadina kabatani ka ¶ kaja. Inu amene mukulemba kafukufuku chaka chino, tebulo likayamba kukuvutani musadikire 2 koloko usiku. Funsani amene wakhala pambali panu, ngakhale atakhala wa chaka choyamba.