Nkhokwe Ziwiri M'kompyuta Imodzi

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Anzanga amakonda kundiponyera mwambi umenewu akamva kuti laputopu yanga ili ndi Windows komanso Linux. Komatu zonsezi zili ndi ntchito yake. Windows ndimaifuna chifukwa aphunzitsi athu amalandira ntchito yolembedwa mu Word. Linux ndi yaulere, siilemera pa makina akale, ndipo mavairasi ambiri oyenda m'mafulashi saigwira. Chinanso, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laputopu yanga ya kaunjika ilibe zoiyenereza kulandira Windows 11. N'chifukwa chake pa intaneti ndimalowera ku Linux.

Nkhani yaikulu inali yosankha mosungira zinthu. Kafukufuku wanga ndi wa nthano ndi miyambi, ndipo ndakhala ndikujambula mawu a agogo a ku Linthipe ndi ku Bembeke. Ola limodzi la mawu ojambulidwa bwino limadya pafupifupi 600 MB. Awiri mwa agogo amene ndinacheza nawo anatisiya, kotero mawu awo akatayika palibenso kwina kowapeza.

Mitundu ya zosungira ilipo iwiri. Hadi disiki ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Ndi yotchipa ndipo malo ake ndi ambiri, koma imadana ndi kugwedezeka. Munthu wokwera kabaza m'misewu ya miyala ya kwathu ku Dedza ayenera kuliganizira bwino limeneli. SSD ilibe choyenda chilichonse m'kati mwake, ndi yachangu ndiponso siidya batire kwambiri, chinthu chofunika magetsi akamathimathima. Vuto lake ndi mtengo, komanso ikakhala zaka zambiri osalumikizidwa ku magetsi imatha kuyamba kutaya zomwe inasunga.

Ndikanatha kugula SSD imodzi n'kuigawa pawiri, monga amachitira ambiri. Koma ndinakumbukira mmene mitala imakhalira kumudzi: mayi aliyense amakhala ndi nkhokwe yake, ndipo mkangano umachepa. Windows ndi Linux zikakhala pa disiki imodzi zimagwiritsa ntchito malo amodzi oyatsira makina, ndipo nthawi zina Windows ikadzikonza imadziika patsogolo, khomo la Linux n'kusowa. Choncho ndinagula ma SSD awiri a 256 GB. Ina inalowa m'malo mwa hadi disiki yakale, inayo ndinaiika pamene panali DVD. Tsopano imodzi ikavuta, ndimayatsa inzake ntchito n'kumapitirira.

Panatsala funso la chilankhulo, lomwe kwa ife ophunzira zilankhulo n'losangalatsa. Windows imalemba mafayilo m'dongosolo la NTFS pamene Linux imakonda ext4. Linux imamva zonse ziwiri, koma Windows payokha siiwerenga ext4. Zili ngati mwana wa ku Dedza boma, pamalire, amene amamva Chichewa ndi Chipwitikizi pomwe mnzake amadziwa chimodzi. Pachifukwa ichi hadi disiki yakunja ya 1 TB, yosungiramo mawu a agogo, ndinaikonza mu NTFS kuti mbali zonse ziziyiwerenga. Ndinazimitsanso Fast Startup mu Windows, chifukwa ikakhala yoyaka Windows siitseka bwinobwino madisiki ake ndipo Linux imakana kulembamo.

Hadi disiki imeneyi siyenda nane. Imakhala m'sutikesi kunyumba, yokulungidwa m'nsalu kuopa chinyezi cha nkhungu ya mu Juni. Loweruka lililonse ndimakoperamo zomwe ndajambula sabata imeneyo, ndipo zofunika kwambiri ndimazisunganso pa intaneti ndikapeza bando.

Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linazizindikira mu 2006, zakhala zaka mazanamazana pa mwala. Palibe disiki yomwe ingapirire chotero. Mnzanga amene ukuyamba kafukufuku, usanafunse za liwiro la disiki yamba wawerenga malo amene wasunga mawu a agogo ako. Akhale osachepera awiri.