Mboni ya Kumpoto kwa Dziko

M'chaka cha 1872 sitima ya pamadzi yotchedwa Tegetthoff idanyamuka ndi ofufuza a ku Austria-Hungary kulowera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Posakhalitsa madzi oundana adaipanikiza n'kumaikokera kumene afuna, kufikira mu 1873 pamene anthuwo adaona zilumba zimene adazitcha Franz Josef Land. Chaka chotsatira adaisiya sitimayo nabwerera akukoka mabwato.

Mmodzi wa atsogoleri awo, Julius Payer, ankajambula pamanja zimene ankaona. Atafika kwawo, ena adamkayikira. Iye adaphunzira luso lopenta, ndipo zithunzi zake zidamuyankhira. Mu 1973 dziko la Austria lidasindikiza sitampa yoonetsa sitimayo monga momwe Payer adaijambulira. Motero kapepala kochepa ngati chikhatho cha khanda kadafalitsa umboni umene ena adaukana.