Mlandu wa Malume ndi Muphwa Wake ku Chelstone

Kusankha anthu ndi nchito yowawa. Nyakwawa ikafuna amuna anayi oti akalonde minda usiku pamene nguluwe zavuta, otsala amang'ung'udza, ndipo nguluwe zikalowa ndithu, mudzi wonse umati nyakwawa inasankha molakwa. Ndi cimodzimodzi pa masewera. Mphunzitsi wa timu ya dziko amachula maina a osewera, ndipo anthu miyandamiyanda amene sanagwirepo mpira amayamba kumuzenga mlandu. Mu Seputembala ndi Okutobala 2023, pamene maiko anali kulimbirana cikho ca dziko lonse ca mpira wa rugby ku France, mlandu wotere unazengedwa m'nyumba ina ya ku Chelstone, ndipo unatsala pang'ono kupasula cibale.

Chelstone ili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa mseu wa Great East. Aliyense amene anakwerapo basi yocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke anadutsapo asanafike pakati pa tauni. Mwini nyumba imeneyi ndi mkulu wa ku Katete amene anagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya ku Luanshya asanapume, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira rugby. M'nthawi ya atsamunda masewera amenewa anali a azungu, koma dziko litalandira ufulu mu 1964 ana a Zambia anayamba kulowa pang'onopang'ono m'makalabu monga Roan Antelope ku Luanshya, Nchanga ku Chingola ndi Diggers ku Kitwe. Lero matimu monga Red Arrows ndi Green Buffaloes ndi odzaza ndi eni dziko. Mkuluyu anali mmodzi wa amuna onenepa okankha kutsogolo, ndipo khosi lake, lofanana ndi la ng'ombe ya pa goli, likali kucitira umboni.

M'nyumba momwemo mumakhala muphwa wake, mwana wa mlongo wake wamng'ono, amene anabwera kucokera kumudzi kudzaphunzira nchito ya magetsi. Ndi mnyamata wocepa thupi, wa liwiro la gwape, ndipo amasewera ca kumphepete kwa bwalo m'kalabu ina ya mumzinda.

Kuti mlandu wao umveke, mpofunika kudziwa mmene mpirawu umayendera. Timu imakhala ndi anthu 15. Anthu 8 ndi akutsogolo, amphamvu ndi olemera, amene amakolekana mapewa nakankhana ndi adani polimbirana mpira, ndipo kukankhana kumeneko kumachedwa scrum. Anthu 7 ndi akumbuyo, othamanga ndi omenya mpira ndi phazi. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Wougunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani wacita try, ndiwo mapointi 5. Kuumenya pakati pa mitengo pambuyo pa try kumaonjezera 2, ndipo penoti ndi mapointi 3. Masewera amatenga mphindi 80, ndipo pa benci pamakhala anthu 8 odikira kulowa m'malo mwa otopa kapena opweteka. Mwa cizolowezi, 5 mwa iwo amakhala akutsogolo ndipo 3 akumbuyo.

Aphunzitsi a South Africa, Jacques Nienaber ndi Rassie Erasmus, ndiwo anaswa cizolowezi cimeneci. Mu 2019 anatenga cikho ku Japan, kugonjetsa England 32 kwa 12, ali ndi akutsogolo 6 pa benci. Mu Ogasiti 2023, ku Twickenham, anaonjezera: akutsogolo 7 ndi wakumbuyo mmodzi yekha, ndipo anakwapula New Zealand 35 kwa 7. Mkulu wa ku Chelstone anakondwa ngati kwabadwa mwana.

"Muphwa wanga," anatero, "mlimi wanzeru salima munda wonse ndi ng'ombe ziwiri zomwezo. Dzuwa likafika pamutu amamasula zotopa namanga zina pa goli. Mdani akamati wapuma, akuona ng'ombe zatsopano zisanu ndi ziwiri zikulowa."

"Amalume, imeneyo ndi njuga," anayankha mnyamatayo. "Nanga akumbuyo awiri akathyoka mpira utangoyamba, mudzaika ndani? Inu mufuna bwalo lidzale ndi njobvu zokhazokha, kuti ife ocepa tizikagulitsa matikiti pa cipata."

Pa 23 Seputembala South Africa inabwereza njira yomweyo polimbana ndi Ireland, ndipo inagonja 13 kwa 8, itataya mapointi ambiri cifukwa omenya mpira anaphonya mitengo. Aliyense wa awiriwa anapezamo umboni wake. Muphwa anati benci yolemera yalephera. Malume anati benci ilibe mlandu, cimene casowa ndi phazi lodalirika.

Pamenepo panabuka nkhani yaciwiri. Malcolm Marx, wokoka mpira pakati pa scrum, anali atapweteka bondo. M'malo moitana munthu wa nchito yomweyo, aphunzitsi anaitana Handré Pollard, katswiri womenya mpira, amene anali atangocira kumene. Izi zinasiya Bongi Mbonambi yekha monga mwini weniweni wa malowo, ndipo womuthandiza anali Deon Fourie, wa zaka 37, amene m'zaka zomalizirazo anazolowera kusewera m'mbali mwa scrum. Mnyamatayo anali kukonda Manie Libbok, amene amagawa mpira mwaluso ndi kuthamangitsa anzake, ndipo anaona kuti kubwera kwa Pollard kudzamucotsa pa malo. Pa 21 Okutobala, polimbana ndi England m'mvula, Libbok anaturutsidwa patangopita theka la ola. South Africa inali kumbuyo 15 kwa 6, koma akutsogolo ocokera pa benci, makamaka Ox Nché, anayamba kuphwanya scrum ya adani. RG Snyman anacita try, ndipo kutatsala mphindi zocepa Pollard anamenya penoti ya kutali. Anapambana 16 kwa 15.

"Tsobola wakale sawawa, umatero iwe," anatero mkuluyo uku akuseka. "Lero walawa."

Mnyamatayo sanaseke. "Munthu wakugwirirani nchito caka conse, Amalume, inu mumuturutsa pamaso pa dziko lonse ngati wakuba. Kodi mawa adzakhulupirira ndani?"

Mau amenewo sanali a Libbok yekha. Mnyamatayo nayenso anali atasiyidwa pa benci masewera atatu otsatizana m'kalabu yake. Mai wake anali atatuma uthenga kucokera kumudzi wakuti mvula ili pafupi, munda sunasosedwe, ndipo ngati mpirawo sumupatsa kanthu abwerere kwao. Mwa mwambo wa Acewa, mau omaliza pa mwana wa mlongo ndi a malume. Conco nthawi iliyonse imene mkuluyo anali kutama amuna olemera, mnyamatayo anali kumva ciweruzo ca iye mwini.

Cimene anasiyidwira pa benci sicinali kucepa thupi, ndipo mkuluyo anali kudziwa, pakuti anapitako ku Showgrounds kukamuonerera. Nkhani inali ya kachingidwe ka adani, ndipo apa mpomwe panagona mlandu weniweni.

Pali njira ziwiri zazikulu zochingira. Yoyamba ndi yodekha. Ochinga amaima pa mzere nayenda cam'mbali pamodzi ndi mpira, kuwakankhira adani ku malire a bwalo monga momwe abusa amakusira mbuzi ku mpanda. Njira imeneyi siiboola msanga, koma imapatsa adani nthawi yoganiza ndi malo oyendamo. Yaciwiri, imene Nienaber anachuka nayo, ndi yolumphira. Mpira ukangoturuka, mzere wonse umathamangira kutsogolo nthawi imodzi, ndipo wa kumphepete amasiya munthu wake napindira mkati kuti atseke njira ya mpira. Mdani amalandira mpira ndi munthu pamodzi. Koma mtengo wake ndi waukulu, cifukwa kumphepete ndi kumbuyo kumatsala kopanda mlonda. Mdani wocenjera akaponya mpira wautali kapena kuumenya pamwamba pa mitu, ochinga onse amatsala akuyang'ana kumbuyo. Pa 15 Okutobala France inaonetsa zimenezi, pakuti inagoletsa ma try atatu theka loyamba lisanathe, ngakhale kuti pomaliza inagonja 29 kwa 28.

Apa awiriwa anasinthana mbali. Mnyamata amene anadana ndi njuga ya pa benci ndiye anali wokonda njira yolumphira, cifukwa imapatsa ulemu munthu wa liwiro. Mkulu amene anatama aphunzitsi pa zonse ndiye anali wokayika.

"Njira imeneyi siili ya liwiro, ili ya kumverana," anatero. "Unaona uzimba wa ukonde kwanu? Amuna akayenda pa mzere, nyama ilibe potulukira. Koma mmodzi akathamanga yekha kufuna kuti aione poyamba, wasiya khomo kumanzere ndi kumanja kwake. Iwe umalumpha wekha, muphwa wanga. Ukagwira munthu, anthu amaimba m'manja. Ukaphonya, anzako 14 ndiwo amalipira. Mphunzitsi wako sanakuone kucepa, anakuona kusamva."

Mnyamatayo anatuluka panja osayankha, ndipo masiku awiri anadya nsima payekha. Mkazi wa mkuluyo ndiye anadzudzula mwamuna wake. "Abambo, mwana munamuuza zoona, koma munamuuza ngati mdani. Mwamuonetsa pamene walakwa, nanga pamene angaime mwamuonetsa?"

Mkuluyo anali nayo nkhani yoyenera, ndipo anaisunga mpaka Loweruka pa 28 Okutobala, tsiku la masewera omaliza ndi New Zealand. Magulu asanalowe m'bwalo, anamufotokozera za George Gregan, amene anabadwira mu Lusaka mu 1973 nakulira ku Australia. Anali munthu wamfupi, koma anasewerera dziko limenelo masewera 139, anatenga nalo cikho mu 1999, ndipo anali kaputeni wake mu 2003, caka cimene South Africa nayonso inatsogoleredwa ndi mwana wina wobadwira mu Lusaka, Corné Krige. Komabe cimene anthu amakumbukira kwambiri za Gregan ndi ca mu 1994 ku Sydney. Jeff Wilson wa New Zealand anali atapyola ochinga angapo ndipo anali kale m'malere kugwera pa mzere, pamene Gregan anafika cam'mbali namugunda, mpira nkupulumuka m'manja. Australia inapambana 20 kwa 16. Gregan sanalumphe patsogolo pa anzake. Anathamangira kumene mpanda unabooka. Anamukumbutsanso za Cheslin Kolbe, wa msinkhu wa mamita pafupifupi 1.7, amene masabata awiri m'mbuyomo anathamanga nachinga mpira wa Thomas Ramos wa France, kupulumutsa mapointi 2 m'masewera amene anatha ndi kusiyana kwa pointi imodzi.

Masewera anayamba nthawi ya 21 koloko, ku Paris kukugwa mvula, ku Chelstone kukutentha. Pa benci panali akutsogolo 7 ndi Willie le Roux yekha, ndipo Libbok sanalembedwe nkomwe. Patangopita mphindi zocepa Mbonambi anapweteka bondo, ndipo Fourie analowa kuti asenze katundu yense. Mantha a mnyamata uja anaoneka ndi maso, pakuti mipira ingapo yoponyedwa kucokera kumalire inatayika. Koma Pollard anamenya mapenoti anayi osaphonya, ndipo kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, anaonetsedwa khadi lofiira cifukwa cogunda Jesse Kriel kumutu. Popuma zinali 12 kwa 6. M'theka laciwiri South Africa sinapeze pointi ngakhale imodzi, inangochinga. Pieter-Steph du Toit yekha anagwetsa adani ka 28. Beauden Barrett anacita try, koma mpira wa Richie Mo'unga unadutsa pambali pa mitengo, ndipo penoti ya kutali ya Jordie Barrett inateronso. Zinatha 12 kwa 11, cikho cacinayi ca South Africa pambuyo pa 1995, 2007 ndi 2019.

Pointi imodzi siweruza mlandu. Mpira umodzi wa New Zealand ukadalowa, aphunzitsi omwewo akadachedwa otaya cikho ndi njuga, ndipo maina ake akadakhala omwewo. Mkuluyo sanadzitame, ndipo mnyamatayo sananene za njobvu. Anakhala mpaka pakati pa usiku akuwerenga pa zala mmene mzere wobiriwira unali kunyamukira pamodzi, ngakhale pamene Kolbe anaturutsidwa ndi khadi lacikasu kutatsala mphindi zocepa.

M'mawa mwake malume anagamula. Mnyamatayo apite ku Katete akathandize mai wake kubzala, pakuti mpira sudikira munthu koma njala imadikira pa khomo. Akatha kupalira abwerere ku maphunziro ake ndi ku kalabu yake, ndipo ndalama ya basi idzacokera m'thumba la malume. Koma pobwera adzayambe waphunzira kuitana mnzake wa pambali asananyamule phazi.

Zambia nayo ili ndi mlandu wake wa kasankhidwe. Timu ya dziko ya anthu 7 inafika ku masewera a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018 ndi ku Birmingham mu 2022. Anansi athu a ku Zimbabwe anagonjetsa Namibia 30 kwa 28 ku Kampala mu Julayi 2025, napeza malo pa cikho ca dziko lonse ca 2027 ku Australia. Koma makalabu ambiri a kuno ali m'mbali mwa njanji ndi ku migodi, ndipo mphunzitsi amasankha pakati pa okhawo amene wawaona. Ku Chadiza, ku Lundazi ndi ku Nyimba kuli anyamata osenza thumba la feteleza pa phewa limodzi, ndi ena opitikitsa kalulu mpaka kumugwira, amene sanaonepo mpira wooneka ngati dzira. Mmodzi wa iwo anauona cifukwa anali ndi malume ku Chelstone. Enawo akali kudikira wowafikitsira mpirawo ku sukulu zao.