Masiku atatu a mwezi uliwonse

Ndine mphunzitsi wa kalasi ya 6 pa sukulu ina ya kumudzi, kufupi ndi Ulongwe. Buku loitanira maina landiphunzitsa cinthu cimodzi: atsikana ena aakulu amasowa masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse. Akabwera amati, "Mutu umandipweteka, aphunzitsi." Koma sunali mutu. Anali kumwezi.

Kusamba si matenda. Mtsikana akatha msinkhu, thupi lake limakonza malo m'ciberekero mwezi ndi mwezi. Ngati palibe mimba, magazi amatuluka masiku 3 mpaka 7. Zimabweranso pakapita masiku pafupifupi 28.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Masiku 3 pa miyezi 9 ndi masiku 27. Amenewa ndi masabata a sukulu oposa 5. Mnyamata wokhala naye pa desiki limodzi sataya masiku amenewa. Mayeso akafika, anthu amati atsikana alibe nzeru. Nzeru ali nazo. Cimene alibe ndi nsalu yabwino, sopo, madzi ndi malo obisika.

Mapadi alipo m'masitolo a pa Ulongwe, koma amafuna ndalama mwezi uliwonse. Kwathu kuno ndalama imalowa m'nyumba tikagulitsa mbatatesi, nyemba kapena cimanga, ndipo kawirikawiri amasunga ndi abambo. Ndi mwana uti angauze abambo ake nkhani yotere? Conco amang'amba citenje cakale n'kupanga nyanda.

Nyanda si yoipa ayi. Agogo athu anakula nayo. Koma imafuna kucapidwa ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa. Ife tinalangizidwa kuti mwamuna asaione, ndiye timayanika m'nyumba, pamdima, kuseri kwa mphasa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuno ku Angónia kumazizira kwambiri ndipo nsalu siuma msanga. Nsalu yacinyezi imayabwa ndi kusupula khungu. Kusukulu nako cimbudzi cikakhala copanda citseko, mtsikana asinthira kuti? Ndipo siketi ikada, anyamata n'kuseka, mawa lake sabweranso.

Zina zasintha. M'caka ca 2018 boma lathu linacotsa lamulo la 2003 limene linkatumiza atsikana apakati ku sukulu ya usiku. Mu 2019 kunabwera lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Anzathu a ku Malawi anacotsa msonkho pa mapadi mu 2022, ndipo m'masukulu ambiri kumeneko magulu a amayi amasoka mapadi ocapa. Kuyambira 2014, maiko amakumbukira nkhaniyi pa 28 Meyi caka ciliconse. Malamulowa ndi abwino, koma lamulo silikhoma citseko pa cimbudzi. Imeneyo ndi nchito yathu.

Pa sukulu yathu timasoka Lacisanu masana. Timadula nsalu ya thonje, pakati timaika cidutswa ca thaulo, pansi pake kapepala ka pulasitiki, kenaka timasokerera batani. Singano ndi ulusi zimakwanira, makina safunika. Anyamata nawonso amasoka. Poyamba ankaseka, koma munthu saseka cimene wasoka ndi manja ake. Makolo anabweretsa matabwa n'kukhoma citseko, ndipo m'katimo tinaika ndowa ya madzi ndi sopo.

Iwe mtsikana, sintha nsalu yako ikanyowa, uicape ndi sopo, uiyanike padzuwa. Ngati ukucita manyazi, iphimbe ndi citenje copyapyala, dzuwa lidzalowabe. M'mimba mukapweteka kwambiri, uza amayi kapena aphunzitsi, mupite kucipatala. Iwe mnyamata, ukaona siketi ya mnzako yada, mubwereke juzi yako amange m'ciuno. Ndipo mukafika kunyumba, muwawerengere abambo tsamba ili, kuti pogulitsa mbatatesi caka cino apatuleko ya sopo ndi nsalu ya mwana wawo wamkazi.