Pepala la nshawa lisakhale lotsekeredwa

Ntchito yanga imayamba pamene wofufuza wapumira. Iye wayesa mbewu za nshawa m'minda ya ku Msekera, kunja kwa Chipata, wayeza zokolola, walemba pepala lake, ndipo magazini ya sayansi yalilandira. Akatero amabwera nalo kwa ine, wosunga mabuku ndi zolembedwa, kuti ndione ngati takwaniritsa zimene eni ndalama anafuna: aliyense aliwerenge pa intaneti osalipira.

Ndimayamba ndi pangano la ndalamazo, pakuti mwini ndalama aliyense ali ndi lamulo lake. A Gates Foundation, amene anathandiza kafukufuku wa nshawa, nyemba ndi nandolo mu pulojekiti ya Tropical Legumes, anakhazikitsa lamulo lawo mu 2015, ndipo pofika 2017 sankalolanso kuti pepala liyambe labisika kaye. Mu 2025 anasiya kulipirira magazini, n'kunena kuti pepala lizituluka poyera ngati preprint, kutanthauza kope lotuluka magazini isanaliunike. A Wellcome ndi eni ndalama anzawo a mu mgwirizano wa Plan S wa 2018 amaumirira chilolezo cha CC BY, choti munthu akhoza kukopera, kumasulira ndi kugawa pepalalo malinga watchula mwini wake.

Mtengo wotulutsira pepala poyera ndiye umadula miyendo. Magazini ya Nature inaika mayuro 9,500 pa pepala limodzi mu 2021. Mwayi wathu ndi woti Zambia ili pa mndandanda wa mayiko othandizidwa ndi Research4Life, choncho ofalitsa ambiri amatikhululukira, koma muyenera kupempha potumiza pepala, osati litalandiridwa kale. N'chifukwa chake ndimawauza ofufuza kuti, "Adokotala, musasaine fomu ya ofalitsa musanandionetse, ndipo musataye kope lomaliza limene analivomereza." Kope limenelo nthawi zambiri ndi limene timaloledwa kuika mu nkhokwe ya pa intaneti.

Pamene ndimakhalitsa ndi pa data. Eni ndalama amafuna manambala onse aonekere, ndipo ndikugwirizana nawo. Koma manambalawo anachokera kwa anthu amene anatilandira pakhonde pawo. Kufufuta dzina ndi nambala ya foni sikukwanira. M'mudzi waung'ono wa ku Chadiza, mukalemba kuti mayi wamasiye wa zaka zakutizakuti, wa ng'ombe ziwiri, anagulitsa matumba angati, aliyense wamudziwa kale, kuphatikizapo amene ali naye ngongole. Ndiye ndimachotsa malo enieni a munda, zaka ndimaziika m'magulu, mudzi ndimaulowetsa m'dera lalikulu, kenako ndimawerenganso mzere ndi mzere ngati kuti ndine mnansi wake.

Chimene pangano silinena n'chakuti pepalalo lili m'Chingerezi cholimba, ndipo alangizi a ku Katete kapena ku Lundazi alibe data bundle yotayira pa masamba makumi awiri. Popeza CC BY imalola, ndimapempha wofufuza kuti tilembe tsamba limodzi m'Chinyanja: mbewu iti yapirira matenda, ibzalidwe liti, iumitsidwe bwanji kuti isachite chuku. Tsambalo timalitumiza pa WhatsApp mvula isanagwe.