Mpando wa Atate

Atate anasiya kuonelela bola mu 1993, ine ndisanabadwe. Amai ndiwo anandiuza chifukwa chake. Pa 27 April chaka chimenecho, ndeke imene inanyamula timu yathu kupita ku Senegal inagwela m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewela. Atate anayenda pansi kuchoka ku Chawama mpaka ku Independence Stadium kukaika malilo. Atabwela, anazima wailesi, ndipo dzina la Efford Chabala, goloboyi amene anali kumukonda ngako, silinamvekenso pakamwa pao.

Ndinakula ndikudziwa kuti bola ikayamba pa TV, atate amatenga mpando wao wamatabwa, umene anapanga okha, nakakhala panja. Tikakuwa m'nyumba, sanali kufunsa amene wagoletsa.

Pa 12 February 2012 ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Fainolo ya Africa Cup inali ku Libreville komweko, Chipolopolo ndi Ivory Coast. M'nyumba mwathu munadzala anthu a mu komboni, ena anaimilila pawindo. Didier Drogba ataponya penate kumwamba, ndinacheuka ndi kuona atate ali pakhomo, mpando uli m'manja. Palibe amene anakamba kanthu. Anthu anangosendeza miyendo, iwo nalowa.

Mapenate anafika 7-7. Kennedy Mweene anagwila ya Kolo Touré, Rainford Kalaba anaphonya, Gervinho nayenso anaphonya. Stoppila Sunzu ataigwedeza neti, komboni yonse inaphulika, mapoto ndi mahutala usiku wonse. Atate sanakuwe. Anandigwila paphewa mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa, misozi ili chuchuchu. "Mwana wanga, anyamata aja manje agona," anatelo.

Atate anatisiya mu 2019. Mpando ukalipo, ndipo mu January 2024 anali kuukhalila ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka khumi. Iye anali asanaonepo Zambia ku Africa Cup ndi maso ozindikila. Tinali titapitako komaliza mu 2015 ali wakhanda, ndipo mu 2017, 2019 ndi 2021 tinali kuonelela anzathu chabe. Amadziwa osewela onse a Manchester City, koma a Chipolopolo anayamba kuwaphunzila mu June 2023, pamene tinakwapula Ivory Coast 3-0 ku Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola.

Tsiku lina anandifunsa: "Amalume, tidzabwela nayo kapu?"

Ndinachedwa kuyankha. Kutsogolo tinali bwino. Patson Daka wa ku Leicester City anali ndi liwilo, ndipo ampatse mpata umodzi chabe. Fashion Sakala sanali kuopa munthu. Lameck Banda wa ku Lecce anali kuzunguza oteteza kumbali mpaka miyendo ipombane. Koma pakati panali dzenje limene kochi wa nthawi imeneyo, Avram Grant, sakanalikwilila msanga. Enock Mwepu, amene tinali kumucha Computer, anasiya bola mu October 2022 ali ndi zaka 24 chabe, madokotala atamupeza ndi vuto la mtima. Ndiye anali kudziwa nthawi yothamangitsa bola ndi nthawi yoiziziltsa. Popanda iye, nthawi zina a kutsogolo anali kukhala ngati minibasi yopanda kondakitala: ithamanga, koma palibe wouza dalaivala poima.

Gulu lathu nalonso silinali lamasewela. Tinali kuyamba ndi DR Congo pa 17 January 2024 ku San-Pédro, kenaka Tanzania, ndi kumalizila Morocco, imene inafika mu semifainolo ya World Cup mu 2022. Tikanagwa pa sewelo loyamba, phili likanakula.

Zonsezi ndikanamuuza. Ndikanamuuzanso kuti timu iyi imadziwa kuswa mtima, kuti asaikepo moyo wake wonse. Mau amenewo anafika pakhosi, koma ndinakumbukila atate ali panja zaka 19, msana ataulozetsa ku TV. Anali kudziteteza, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma zaka zonsezo ine ndinalibe atate oonelela nao bola. Tinaonelela limodzi theka la sewelo ndi mapenate, basi.

Ndiye ndinatenga foni ndi kumuonetsa mndandanda wa osewela. Ndinaloza dzina limodzi kumbuyo: Stoppila Sunzu, amene panthawiyo anali ndi zaka 34, anali akali mu timu.

"Uyu mdala?" anaseka.

"Mdala ameneyu ndiye analiza ambuye ako," ndinamuuza. Ndinamufotokozela za ndeke, za manda a ku Heroes' Acre, za Hervé Renard atanyamula Joseph Musonda wovulala kuti akasangalale ndi anzake. Ndinamuuzanso kuti mu 2012 anthu anali kukamba za Ghana, Senegal ndi Ivory Coast, ndipo tinagonjetsa onse atatu.

Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsanso: "Ndiye tidzabwela nayo?"

"Kutuluka mu gulu kungatheke. Za kapu, tidzaona pamodzi."

Za pa 17 ndinali nditapempha kale kuweluka msanga kunchito. Foni ndinakonza zoichaja masana, kuti malaiti yakapita timvele pa wailesi. Mnyamata anakamba kuti mpando wa ambuye ake adzauika patsogolo penipeni pa TV, ndipo ndinamulola. Tikaluza, ndinamuuza chinthu chimodzi chabe: mpando usatuluke panja.